Mmene a Chiwaula Ankaperekezera Antchito Awo

M'dziko lina, kuseri kwa mapiri amene ojambula mapu anatopa asanawafike, munali mudzi umene anthu ake anali aulemu mopyola muyeso. Kumeneko munthu sankamuuza mnzake mawu owawa pamaso. Wakuba ankamutcha wobwereka mosatsanzika, chidakwa ankati ndi munthu wa ludzu lalitali, ndipo galu akadya nyama ya alendo ankangomufunsa modzichepetsa ngati mchere unakwanira.

Ulemu woterewu unali ndi vuto lake. Nanga munthu umamuchotsa bwanji ntchito osamuuza kuti wachotsedwa? Makolo a m'mudzimo anali atapeza kale yankho. Mlendo wamba ankamuperekeza mpaka pachigayo n'kutsanzikana naye pomwepo. Koma waganyu waulesi, kapena wofunsira mbeta amene banja silikumufuna, ankamuchitira ulemu wapadera. Mwini khomo ankamulandira katundu wake n'kumunyamulira, akucheza naye za mvula ndi za kudula kwa feteleza, kudutsa pachigayo, kutsetsereka mpaka kumtsinje, n'kuwoloka naye kamlatho ka matabwa. Kutsidyako ankamubwezera katundu wake ndi manja awiri n'kumuuza kuti ayende bwino. Basi, nkhani yathera pomwepo. Munthuyo ankadziwa yekha kuti zake zada. Ankabwerera kunyumba kwake mozemba podzera njira ya kudambo, ndipo pakhomo paja sankapondaponso.

M'mudzimo munali nthambi ya kampani yogulitsa ndowa ndi mabeseni a pulasitiki. Mwini wake, a Namagonya, ankakhala kutauni ndipo ankabwera pakutha pa mwezi kudzaona chuma chawo. Galimoto ankaisiya kutsidya, chifukwa kamlatho kaja kankalira ngakhale kakapondedwa ndi mbuzi ya bere. Chikwama sankayenda nacho. Munthu wobadwira m'mudzi umenewu sapatsa mnzake mpata womunyamulira kanthu.

Woyang'anira nthambiyo anali a Binoni Chiwaula, mkamwini wa m'mudzimo, munthu wovala tayi ngakhale mu Okutobala. Kampani inawalemba ngati meneja wa zamalonda, koma iwo anaona kuti udindo waufupi chotere ndi wa anthu wamba, choncho anadziveka wina: Mkulu Woyang'anira Oyang'anira Kagulitsidwe ka Ziwiya Zamadzi Kumtunda ndi Kumunsi kwa Chigayo. Wolemba zikwangwani atafika pakati chitseko chinamuthera, ndipo zotsalazo anazipitiriza pakhoma mpaka pawindo.

Ntchito yaikulu ya a Chiwaula inali msonkhano wa m'mawa. Ankatseka chitseko cha sitolo, n'kuika chikwama chawo chakuda patebulo, n'kuyamba kulimbikitsa ogulitsa awo anayi. Ankawauza za masomphenya, za kudzipereka, ndi za mmene chitukuko chilichonse chimayambira m'ndowa. Pomaliza onse ankaimirira kuomba m'manja n'kunena pamodzi kuti ndowa ndi moyo. Pomwe chitseko chinkatsegulidwa dzuwa linali pamutu, ndipo amayi amene anabwera ndi ndalama zomanga pachitenje anali atapita kale kukaphika. Malonda akavuta, a Chiwaula ankaloza chala kusintha kwa nyengo, chuma cha dziko, komanso kulimba kwa ndowazo, zimene ankati zikulephera kusweka mwadala.

Tsiku lina a Namagonya anabwera n'kusuzumira m'chipinda chosungira katundu. Ndowa zinali zitasanjikizana mpaka kudenga, ndipo nkhuku ina inali itaikira mazira m'beseni la pamwamba. Sanakalipe, poti nawonso anali mwana wa m'mudzimo. Anangoiyamikira nkhukuyo chifukwa cha khama lake, n'kuwaitanira a Chiwaula pambali.

"A Chiwaula, mbale yachepa, manja achuluka," anatero akumwetulira. "Ndikamadzabwera mwezi wamawa, dzanja limodzi likhale litasamba. Mukalephera kusankha musavutike, ndidzakuthandizani."

A Chiwaula anamva zonse, ndipo zimene anamvetsa kwambiri zinali za thandizozo. Ankadziwa kuti bwana akakuthandiza kusankha samayang'ana kutali. Anawaperekeza a Namagonya mpaka kugalimoto monga mwa nthawi zonse, akuseka nthabwala zawo zisanathe n'komwe. Wina anayenera kuchoka mwezi usanathe, ndipo iwo analumbira kuti winayo sakhala Mkulu Woyang'anira Oyang'anira.

Mwamwayi anali munthu wophunzira. Chaka china anapita kumaphunziro a mameneja ku hotela ina ya m'tauni, komwe anabwerako ndi satifiketi, chipewa, ndi lamba wosakwananso m'chiuno. Zambiri za kumeneko zinawadutsa chifukwa zinkanenedwa chakudya chamasana chitangotha, koma chimodzi anachisunga: meneja pochotsa munthu amagwiritsa ntchito mutu, osati mtima. Ndipo mutuwo uli ndi njira zake. Ukhoza kuchotsa wobwera pomalizira, kapena wogulitsa zochepa, kapena wokhalitsa amene malipiro ake akuilemera kampani.

Wobwera pomalizira anali Esinta, mtsikana amene tsiku lonse ankakhalira ndowa yovundikira n'kumadina foni. Mutu wa a Chiwaula unamuloza nthawi yomweyo, koma mutu womwewo unakumbukira kuti Esinta ndi mwana wa mchemwali wa akazi a a Namagonya. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ataganizira mofatsa, a Chiwaula anazindikira kuti mtsikanayo akugwira ntchito yofunika kwambiri yosonyeza makasitomala kuti ndowa ndi yolimba, ndipo anamusiya pamkhate pake.

Wogulitsa zochepa sanavute kumupeza. Anali a Gomonda, bambo wachikulire amene ankaswera pabawo kuseri kwa sitolo. Ndowa yomaliza imene anagulitsa inali ya kale kwambiri moti woigula anamwalira, ndowayo n'kugawidwa pa chuma chamasiye. Vuto linali limodzi, koma lalikulu ngati nkhokwe: a Gomonda anali amalume a akazi a a Chiwaula, nkhoswe ya banja lawo. Kawiri konse mkaziyo, Nachisale, anawatulutsira amuna akewo mphasa ndi sutikesi panja, ndipo kawiri konse anali a Gomonda amene anazilowetsanso m'nyumba. A Chiwaula anadzikumbutsa za mutu ndi mtima, n'kumanga tayi mothina.

M'mawa mwake msonkhano sunachitike. A Chiwaula anapinda nkhata, nasenza mulu wa ndowa za a Gomonda, n'kuwapempha mwaulemu kuti awongoleko miyendo. Mudzi wonse unangoti zii. Amayi a pamjigo analeka kupopa, osoka nsapato analuma ulusi n'kuiwala kuudula, poti aliyense anadziwa kumene ulendo wotere umathera. A Gomonda ankatsatira pambuyo, manja kumsana, akudandaula za kuchedwa kwa mvula. Atadutsa pachigayo anasintha nkhani. Anati mdzukulu wawo Nachisale anabwera dzana kudzawadandaulira za mayi wina wogulitsa zitumbuwa pamsika, amene akuti masiku ano amapatsa makasitomala ena basera yochuluka kuposa zogula, ndipo iwo monga nkhoswe anali asanaganize chomulangiza. Thukuta linawatsika a Chiwaula mpaka m'masokosi, koma sanaime.

Kutsidya anatula ndowa zija, naziika m'manja mwa a Gomonda. "Muyende bwino, amalume."

A Gomonda analandira, nakhala pa ndowa imodzi, n'kufwenthera fodya wawo mosafulumira. Anthu a kutsidyako, amene ndowa zoterezi ankangozimva m'mbiri, anawaunjirira kufunsa mtengo, ndipo mkuluyo anagulitsako zingapo pofuna kuti amusiye apume. A Chiwaula anatembenuka mwakachetechete n'kuponda thabwa loyamba la mlatho.

"Akamwini, mukupita kuti nokhanokha?"

"Ndikubwerera kuntchito, amalume."

"Munthu wa udindo wosakwana pachitseko ayende yekha ngati wothamangitsidwa kumowa? Mkulu sabwerera yekha. Anthu a kuno angatiyese opanda mwambo."

Apa ndi pamene a Chiwaula anakumbukira mwambo wachiwiri wa m'mudzimo, umene eni minda ndi makolo a mbeta sankavutika nawo chifukwa anali anthu wamba. Munthu wamkulu akakuperekeza, uyenera kumubweza mpaka pakhomo pake. Ndipo amene wabwerera ndi mwini khomo podzera njira yaikulu, dzuwa likuswa mtengo, ndiye kuti mlandu watha, apatsidwe mpando. Kukana kukanakhala kuvomera pamaso pa anthu kuti iwo si mkulu, ndipo a Chiwaula akanalola kumeza khasu kusiyana ndi kuvomera zimenezo. Choncho anabwerera limodzi, a Gomonda patsogolo, akupatsa moni aliyense ndi dzina lake kuti pasapezeke wonena kuti sanaone. Atafika kusitolo anapempha tiyi, popeza tsopano anali mlendo.

Njira yotsatira inali ya wokhalitsa, ndipo inagwera a Dzimbiri, chimunthu cha mapewa ngati chitseko cha tchalitchi, amene anayamba ntchito kampaniyo ikugulitsabe ndowa zachitsulo. A Dzimbiri ankajomba kawirikawiri, koma palibe ankawafunsa, chifukwa anali mkulu wa adzukulu, gulu lokumba manda m'mudzimo. Munthu wanzeru sakangana ndi amene adzamufotsere. Komabe mwezi unali ukutha, ndipo mantha a bwana wamoyo anaposa mantha a manda.

Ulendo uno a Chiwaula anakonzekera. Anaona kuti cholakwika chawo choyamba chinali kuchedwa kutsidya, choncho anabwereka nsapato zothamangira kwa mphunzitsi wa zamasewero. Maganizo awo anali oti akangotula katundu n'kunena mawu aja, aliyatse liwiro, akafike kusitolo okha munthu asanaganize zowabweza.

Panjira a Dzimbiri sanalankhule zambiri. Ankangowayang'ana abwana awo kuyambira kumapazi mpaka pamulu wa mabeseni, n'kumagwedeza mutu ngati munthu amene akuwerengera matabwa. Atadutsa pachigayo analoza kumtunda ndi mlomo.

"Akamwini ambiri timawaika uko, bwana, kumiyala. Kukumba kwake n'kovuta. Anyamata akapanda kukondwa amalekeza m'mawondo."

A Chiwaula anayankha kuti nthaka ya m'derali ndi yachonde ndithu. Atawoloka anatula mabeseni, nathamangitsa mawu aja ngati akumeza mankhwala owawa, n'kuliyatsa. Matabwa a mlatho analira ngati ng'oma. Anakwera chitunda tayi ikuuluka kumsana, maso atatuluka, mtima ukuti tsopano ndapambana. Ali pafupi ndi chigayo anamva mpweya wa munthu pakhutu. A Dzimbiri anali pambali pawo, mabeseni kukhwapa, akuthamanga mosatekeseka ngati akupita kukagula mchere, ndipo anawafunsa mwaulemu ngati angakonde kuti achepetseko. Munthu amene wakhala akutulutsa dothi m'dzenje kuyambira ali mnyamata sangapitiriridwe ndi munthu wa misonkhano. Ana asukulu anatuluka m'makalasi kudzachemerera, mwini chigayo anazimitsa injini, ndipo amayi ena anaimba nthungululu osadziwa kuti akusangalalira chiyani. Atafika pakhomo pa sitolo a Dzimbiri anaima pang'ono kuti abwana alowe poyamba, chifukwa ulemu ndi ulemu.

A Chiwaula anagona chagada pakauntala mpaka mpweya utabwerera, ndipo m'kupuma komweko nzeru yatsopano inawatsikira. Anadabwa kuti ku hotela kuja sanaiphunzitse. Wotsala anali Nangozo, mayi amene ankagulitsa kuposa anzake onse atatu kuphatikiza pamodzi. Kodi munthu woyenera kuchotsedwa si amene sangavutike akachotsedwa? A Gomonda angalembedwe ndi ndani? Esinta angakakhalire ndowa ya yani? Koma Nangozo ndi luso lakelo akapeza ntchito kwina sabata isanathe, kotero kumuchotsa kunali ngati kumukweza. Komanso pamisonkhano sankaomba m'manja mwamphamvu, ankangoyang'ana kuchitseko kumene makasitomala ankagogoda, chizindikiro choti mzimu wa umodzi analibe. Koposa zonse, Nangozo anali wobwera. Analibe malume m'mudzimo, sankakumba manda, ndipo za zitumbuwa sankazidziwa. Ndipo poti mkazi wa mwini saperekeza mwamuna wa mwini anthu akuona, za kubwezedwa panalibe. A Chiwaula anadzisisita pamutu poyamikira zimene munali m'katimo.

M'mawa mwake anasenza katundu wa Nangozo, mulu wautali moti podutsa pansi pa mtengo wa mango anachita kunjuta. Mayiyo ankadziwa bwino lomwe kumene ulendowo ukulowera, ndipo mantha anamugwira ndithu, poti kunyumba kunali ana odikira ufa. Koma munthu wa mantha otere amagulitsa ngakhale mthunzi. Asanafike n'komwe pamjigo anali atayamba kale kuitanira malonda, akuloza pamutu pa abwana ake ngati akuloza shelefu.

"Bwana, taweramani pang'ono, mayiwa akufuna yobiriwirayo."

A Chiwaula anawerama, chifukwa pamisonkhano anali ataphunzitsa okha kuti kasitomala ndi mfumu.

"Ayi, akuti yofiira. Tatembenukani aione kudzuwa."

Anatembenuka. Pachigayo anagwada kuti agogo ena osaona bwino agogode beseni ndi ndodo. Potsetsereka anaimitsidwa ndi akomiti ya ukwati amene anatenga ndowa zonse zazikulu. Katundu ankapepuka, ndipo a Chiwaula m'malo mokondwa ankafulumiza mwendo, koma Nangozo ankaima pakhomo lililonse kufunsa za odwala. Beseni lomaliza analigulitsa pakati penipeni pa mlatho kwa msodzi wa matemba. Atafika kutsidya a Chiwaula anakweza manja kumutu n'kupeza nkhata yokha.

"Muyende bwino, Nangozo," anatero, manja awiri atatambasula opanda kanthu.

"Ndiyende ndi chiyani, bwana?"

Madoda amene ankasoka mphasa m'mbali mwa mtsinje anaitanidwa kuti aweruze. Anakambirana mozama, natchula milandu ya makedzana, n'kugamula kuti popanda katundu wopatsirana palibe kuperekeza, kumeneko ndi kuwongola miyendo chabe. Nangozo anathokoza madodawo, nawagulitsa nkhata ija, n'kuwauza abwana ake kuti mawa adzalawirire chifukwa anthu a kutsidya aitanitsa zambiri.

Mawa lake a Chiwaula anasenza mulu woposa wa dzulo, poganiza kuti kanthu kena katsalako. Sikanatsale. Mkucha wake anasankha ndowa za mtundu wonyansa zimene zinakhala zaka osafunsidwa mtengo, ndipo Nangozo anauza anthu kuti ndi mtundu umene akuukonda kutauni. Tsiku lina anabisa pansi pa mulu ndowa yong'ambika kuti akampatse imeneyo, koma mayi wina woweta nkhuku anaigula kuti thadzi lake liziikiramo. Mbiri inawanda m'midzi yonse ya kutsidya kuti kuli sitolo yoyenda yovala tayi, ndipo anthu ankadikira pamtsinje ngati akudikira basi. Pamutu pa a Chiwaula panamera chikanga, khosi linalowa m'mapewa, ndipo lamba wa ku hotela uja anayambanso kukwana. Madzulo aliwonse ankabwerera okhaokha, opanda wowabweza, akudziuza kuti mawa zitheka.

Kusitolo nako zinthu zinasokonekera. Popanda msonkhano, chitseko chinkatsegulidwa m'mawa, ndipo makasitomala ankangolowa mwachisawawa popanda wowauza za masomphenya. A Gomonda ankagulitsa kuti anthu asawasokoneze pabawo. A Dzimbiri anayamba kupereka ndowa kwa adzukulu ndi kwa amayi ophika pamaliro. Ngakhale Esinta anagulitsako imodzi, tsiku limene kasitomala wina anaisolola pansi pake iye ataimirira kufunafuna netiweki. Nkhuku ija inasowa poikira ndipo inasamukira kutchalitchi.

Mwezi unatha, ndipo manja m'mbale anali akadali omwe aja. Tsiku lobwera a Namagonya, a Chiwaula anadzuka ndi mantha amene sanawamvepo chibadwire. Anapukuta chikwama chawo chakuda ndi mafuta ophikira, namanga tayi yatsopano, n'kukonza m'mutu mawu aatali ofotokoza kuti ndondomeko yosankha ili mkati ndipo ikuyenda bwino.

A Namagonya anafika, nasuzumira m'chipinda chosungira katundu. Munali mbee, moti mawu awo anachita kubwerera. Anafunsa kumene ndowa zapita, ndipo ogulitsa anayiwo anafotokoza, wina kulanda mnzake mawu, za maulendo a kumtsinje, za mpikisano wa liwiro, ndi za chitseko chimene masiku ano chimatsegulidwa tambala akangotsika. A Namagonya ankamvetsera akugwedeza mutu. A Chiwaula ataona kuti nkhope ya bwana yawala, mantha aja anasungunuka, ndipo analowererapo kunena kuti zonsezo zinali njira yamakono yofikira kasitomala pakhomo, imene iwo anaiganizira kalekale koma ankadikira nyengo yake.

"Ndiye dzanja lija lasamba?" anafunsa a Namagonya.

"Tikadaunikabe, bwana. Nkhani zotere zimafuna mutu."

"Zoona. Ndipo mutu wanu wagwira ntchito mwezi uno, aliyense wauona." A Namagonya anaimirira n'kuyang'ana kunja. "Tiyeni tiziyenda dzuwa lisanapendeke. Bweretsani chikwamacho. Mwasenza zambiri, lero mupumeko."

A Chiwaula anamva kukoma mpaka m'mafupa. Mwini kampani, munthu wa galimoto, kuwanyamulira chikwama iwo! Zimenezi ngakhale ku hotela sanazilote. Anatuluka chifuwa patsogolo, akuyenda pang'onopang'ono kuti mudzi uone bwino. Ndipo mudzi unaonadi. Amayi a pamjigo analeka kupopa. Mwini chigayo anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa. A Chiwaula ankayankha ulemu wonsewo ndi kadzanja kokweza pang'ono, osadziwa kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. M'maganizo mwawo ankaperekeza bwana kugalimoto monga mwezi uliwonse, ndipo sanaone chachilendo kupatula kupepuka kwa dzanja lamanja.

A Namagonya ankacheza za mvula. Atadutsa pachigayo anadandaula za kudula kwa feteleza, kenako ananena kuti aganiza zogulira nthambiyo njinga ya kaliyala wamkulu, kuti ntchito yosenza ndowa isamavutitsenso munthu. A Chiwaula anayamikira masomphenya amenewo, napempha kuti panjingapo padzalembedwe udindo wawo, ngati pangakwane. Ananenanso kuti tsopano poti khosi lapuma, misonkhano ya m'mawa iyambiranso Lolemba, ndipo akuganiza zoonjezera wina wamasana. A Namagonya anangoti ndi maganizo abwino, n'kufulumiza mwendo. Kumbuyo kwawo, chapatali, ogulitsa anayi aja ankatsatira mwakachetechete, ndipo atafika pamtsinje anaima tsidya lino, osaponda mlatho.

Matabwa analira. Galimoto inali pamthunzi, dalaivala atailiza kale. A Namagonya anatembenuka, nagwira chikwama chija ndi manja awiri, n'kuweramitsa mutu pang'ono.

"Muyende bwino, a Chiwaula."

A Chiwaula analandira akumwetulirabe. Kumwetulirako kunakhalitsa pankhope pawo kanthawi, ngati mlendo amene sanauzidwe kuti phwando latha. Anayang'ana chikwama, nayang'ana mlatho kumbuyo kwawo, nayang'ana madoda a mphasa aja, amene onse anali atayamba mwadzidzidzi kufunafuna singano pansi. Koma munthu amene wagonja kangapo amaphunzirako kanthu, ndipo iwo anakumbukira khomo lothawira.

"Bwana, ndikubwezeni. Mkulu sabwerera yekha."

"Mwanena zoona," anayankha a Namagonya akutsegula chitseko. "Koma ine sindikubwerera, a Chiwaula. Ine ndikupita."

Galimoto inanyamuka. A Chiwaula anaithamangira, chikwama kukhwapa, poganiza kuti akangoyenda nayo limodzi kamtunda ndithu madoda akhoza kuiona nkhaniyo mwina. Anaiperekeza mpaka pachulu, koma galimoto sidziwa mwambo, inangowasiyira fumbi m'kamwa. Anabwerera pamtsinje akutsokomola, naima pamutu pa mlatho kudikira kuti mwina wina mwa antchito awo awoloke adzawabweze monga ayenera kuchitira mkulu. Esinta anali pafoni. Nangozo anali akutsatsa kale kwa amayi ochapa ndowa zimene zinali zisanabwere n'komwe. A Dzimbiri anawayang'ananso kuyambira kumapazi mpaka kumutu, koma mwachifundo. Amene anasendera m'mphepete mwa madzi anali a Gomonda okha, ndipo mtima wa a Chiwaula unadumpha ndi chiyembekezo. Mkuluyo anafwenthera fodya, nakweza mawu kuti amveke kutsidya.

"Akamwini, poti mudzera kudambo, mutcherekotu chisoso. Kunyumba kulibe ndiwo."